Diripi ya Akamarawo

Lolemba, 7 Okutobala 2024

Kutentha. Malata akuthetheka okha masana.

Lero yakwana miyezi itatu chigwereni bambo a Eneles ndi sitiroko. Mwendo wakumanja amaukoka, ndi ndodo amafika pakhonde. Dzanja lakumanja lili lende. Choipitsitsa ndi mawu. Amadziwa chimene akufuna kunena, pakamwa pamatuluka china. Dzulo kapu anaitchula kuti nsapato, kenako n'kukwiyira ine.

Tsiku lonse pampando wawo, maso ku thanki. Thanki yagalasi ija, ya madzi amchere ngati a kunyanja yaikulu. Zaka zisanu ndi zinayi ili pabalaza pathu pano pa Golomoti, ine osaikhudza mpaka atadwala. Ndikapsa mtima ndinkaitcha mkazi mnzanga. Munthu wachoka ku Nakala ndi thiraki, milungu itatu ali pamsewu, kufika pakhomo moni woyamba kwa nsomba.

Mwatsala tinsomba tiwiri tofiirira ta mizere yoyera. Zina zonse zinafa tili m'chipatala ku Mua. Kapampu ka mpweya kanazima, Mwanjuma wa nyumba yoyandikana nafe amene tinamusiyira makiyi sanadziwe pokonzera. Pano ndine ndimathira chakudya, madzi akatsika ndimawonjezera. Ndere yaphimba galasi lonse. Amayesa kupala ndi dzanja lamanzere, amatopa msanga.

Aimba a Ezekiele, mnzawo wa pamsewu. Ali ku Nakala akudikira katundu, adutsa kuno Lachinayi. Amafunsa choti awatengere achimwene awo. Ndinaika foni pakhutu lawo. Anavutika, thukuta mpaka pachibwano. Kenako mawu awiri omveka bwinobwino: "Nkhono. Kamarawo."

Kamarawo ndi dzina la ku Mozambiki. Tinthu tonga ziwala za m'madzi, ndevu zitalizitali. Analipo kale m'thankimu asanadwale. Nkhono ndiye zimadya ndere.

Lachinayi, 10 Okutobala

A Ezekiele afika cha m'ma 11. Thiraki aimika kumsika, kuno abwera pa kabaza, ndowa yoyera yovundikira ili pamiyendo. Kapampu ka mabatire kakuchita thovu mkati. Masiku awiri ndowayo ili pampando wa kutsogolo, yomangidwa ndi lamba ngati munthu. Nkhono zisanu ndi imodzi. Tinkhanu tiwiri tokhala m'zigoba za nkhono ngati tikuchita lendi. Akamarawo atatu ofiira, mzere woyera pamsana.

Sanakhalitse, thobwa anamwa chiimirire. M'nyumba nthabwala za pa boda, kuseka kwambiri. Atatuluka panja ndinawaona akupukuta m'maso ndi chipewa.

Ndalakwa lero. Ndilembe mmene zinalili.

Titadya, bambo a Eneles anagona pampando. Ndinati ndiwadabwitse, akadzuka apeze alendo ali kale m'nyumba yawo yatsopano. Ndinatenga kaukonde. Nkhono ziwiri, kamarawo mmodzi, chubwi m'thanki. Kamarawoyo anathamanga uku ndi uku, kudzigunda pagalasi, kenako anagona chammbali pamchenga, timiyendo tikungogwedera. Iwo anadzuka ndikutunga wachiwiri. Kukuwa kotero sindinawamvepo. Ndodo kugunda pansi, kugundanso. Mawu osabwera, "ayi, ayi, ayi" yekha.

Ndinabweza m'ndowa. Ndinafunsa kuti ndalakwa chiyani, madzi amchere si madzi amchere? Analoza ndowa, analoza thanki, analozanso ndowa. Ine osamva. Iwo misozi. Inenso mtima unakwera, ndinati zaka zonsezi simunandiphunzitse kanthu, lero mukufuna ndilote? Ndinakakhala kuseri pansi pa mtengo wa nimu mpaka mthunzi utasuntha.

Madzulo sanadye.

Lachisanu, 11 Okutobala

Kamarawo uja wafa. Nkhono imodzi chagada, yayamba kununkha. Inayo yamata pagalasi, ili moyo. Ndakataya zakufazo kudzala iwo akuona.

Atamwa phala anandilozera ndi ndodo kabati ya pakona. Bokosi lawo la zipangizo. Muli kabuku kachikuto chofiira, timabotolo, ndi kachipangizo kapulasitiki kokhala ndi kamuvi mkati. Ukatungira madzi kamuviko kamakwera, kukuuza kuchuluka kwa mchere. A m'ndowa: kamuvi pakati, pa kamzere kobiriwira. A m'thanki: mpaka pamwamba, kupitirira manambala onse.

Tsamba loyamba la kabukuko, zolemba zawo zakale zopendekera kumanja zija: "Madzi amauluka, mchere suuluka. Powonjezera thira a mvula okha."

Ndinakhala pansi pasimenti. Miyezi iwiri yonseyi madzi akatsika ndakhala ndikusungunula mchere wawo wa m'thumba uja n'kuthiramo. Kuthandiza. Ndinkachita m'mawa iwo asanatuluke kuchipinda. Tinsomba tiwiri tija tinazolowera poti mcherewo unkakwera pang'onopang'ono. Wobwera dzulo sakanapirira.

Ndawauza. Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anagwedeza mutu pang'ono. Sanakwiye. Bola akanakwiya.

Madzi a mvula ali mumgolo wabuluu kuchipinda chosungira katundu. Watsala theka. Enawo ndinaphikira nyemba, poti a pamjigo wathu nyemba sizipsa. Izi zokha sindinawauze.

Ntchito yake: kuchotsa majagi awiri m'thanki, kubwezeramo majagi awiri a mvula. M'mawa, masana, madzulo. Kabuku kakuti osapupuluma, tinsombato tingadwale. Alendo otsalawo ayambe adikira m'ndowa.

Loweruka, 12 Okutobala

Kamuvi katsika pang'ono.

Ndowa ndaiika kubafa, ndiko kozizirirapo. Mabatire ndasintha. Ndinafinya kachidutswa ka usipa, kang'onong'ono ngati njere ya mawere, ndinaponyamo. Akamarawo awiri aja anakalimbirana. Ali ndi timanja tating'ono, amadya mwaulemu ngati ali kwa apongozi.

Mwanjuma anabwera kudzabwereka lichero, anandipeza nditagwada kubafa mutu m'ndowa. Anaseka mpaka kutsamira chitseko. Akuti Fagness, ukuvutikiranji, pita pamjigo ukatunge, amchere omwewo Mulungu anatipatsa aulere. Kenako anagwada nayenso. Anakhala nthawi yaitali kuposa ine. Lichero anaiwala.

Bambo a Eneles adya bwino masana.

Lamulungu, 13 Okutobala

Kutchalitchi sindinapite. A mphakati anabwera kudzapemphera nafe. Iwo anaimba nawo nyimbo yonse osaphonya liwu. Poimba mawu amabwera, poyankhula amathawa. Sindikumvetsa.

Madzulo kamuvi kafika pa kamzere kobiriwira. Ndinatenga kaukonde, anandigwira dzanja. Ayi. Analoza thanki, analoza ndowa, kenako anapinda malaya n'kuloza pamkono pawo, pamene anamwino ankabaya singano ku Mua. Chala chikugunda pamenepo pang'onopang'ono. Kugunda, kugunda.

Ndinawafunsa ngati pakupweteka. Ayi. Jakisoni? Ayi. Diripi? Nkhope yonse inatseguka.

Madzi a m'thanki alowe m'ndowa dontho limodzilimodzi, mpaka alendowo awazolowere. Ngakhale kamuvi kafanane, madziwo ndi osiyanabe. Kapaipi kawo kakale ndakapeza m'bokosi, kauma, kasweka pawiri.

Zaka khumi ndi ziwiri ndinagwira ntchito yothandizira m'wodi bondo lisanandivute. Madiripi angati ndinawayang'anira? Izi ndiye ndikuzidziwa.

Lolemba, 14 Okutobala

M'mawa pa minibasi mpaka pa Mtakataka, kusitolo ya mankhwala. Kapaipi ka diripi katsopano. Wogulitsa anafunsa kuti akudwala ndani. Ndinati alendo.

Tinayamba 10 koloko. Ndowa pansi, patsinde pa tebulo. Madzi ake ndinachepetsa kuti angophimba misana. Mbali imodzi ya kapaipi m'thanki, ndinaipana ndi pegi ya zovala. Mbali inayo ndinayamwa kuti madzi ayambe kuyenda, ndinachedwa kuchotsa pakamwa. Kuwawa kwake. Ndinalavulira pachitenje. Iwo mapewa kugwedezeka. Ndiye nyanja yaikulu imakoma choncho.

Kagudumu ka diripi ndinakatembenuza mpaka madontho awiri pa sekondi. Zala zinakumbukira zokha.

Kenako kudikira. Ine pa kampando kakang'ono, iwo pampando wawo, kapaipi atakagwira ndi dzanja lamanzere kuti kasachoke. Madzi akachuluka kawiri m'ndowa, kutaya theka, kuyambiranso. Katatu. Maola atatu ndi mphindi zingapo.

Pakati penipeni ndinamva akung'ung'udza. Ndinatchera khutu. Akuwerenga madontho. Wani, thuu, filii, folo, mpaka twente osakhumudwa, n'kubwereranso pa wani. Sindinatembenuke, ndinaopa angasiye. Ndinangoyang'ana m'ndowa, maso akuchita nthunzi.

Sindikukumbukira tsiku lina limene tinakhala awiriwiri maola atatu popanda mlendo, wailesi kapena nkhani ya maliro.

Polowetsa anandiongolera ndi ndodo. Nkhono ndi dzanja, iliyonse kuikhazika pamwala chafufumimba, isagone chagada poti siingathe kudzitembenuza. Tinkhanu pamchenga. Akamarawo ndi kapu, mosamala, madzi a m'ndowa asalowe ambiri. Woyamba anatsika pang'onopang'ono ngati tsamba, anaima pamwala, ndevu zikuyenda. Wachiwiri molunjika kuphanga. Palibe kudzigunda pagalasi.

Nyali ya thanki tazimitsa, makatani tatseka. Lero osawapatsa chakudya.

Msana ukuwawa. Mawa kubwera Eneles.

Lachiwiri, 15 Okutobala

Tsiku la anakubala. Eneles wafika m'mawa kuchokera ku Lilongwe, chitenje chabuluu, shuga, sopo. Waonda. Ntchito ya kusukulu kwawo ikumudya.

Sanabwerere chitenje chokha. Wapeza malo a mafizo kuchipatala china m'tauni, katatu pa sabata, milungu isanu ndi umodzi. Adokotala amuuza kuti miyezi yoyambirirayi ndiyo yofunika, ikadutsa dzanja limazolowera kugona. Akufuna kuwatenga abambo ake sabata yamawa.

Anafotokoza bwino, atagwada pambali pa mpando. Iwo anamvetsera mpaka kumapeto. Kenako mutu uku ndi uku. Ndodo kuloza thanki.

Mwanayo analira. Kukhitchini anandiuza ndi mawu otsika kuti abambo ake asamve: "Amayi, munthu akane kuchira chifukwa cha tizilombo ta m'ndowa?" Akuti pali malo ogona alendo kunyanja amene angaitenge thankiyo ndi zonse zili momwemo, nkhani ithe.

Ndinamva pakamwa panga pakunena kuti thankiyo sichoka m'nyumba muno ine ndili moyo. Ine amene. Eneles anandiyang'ana ngati amayi ake asinthidwa. Zaka zonsezi wakhala akundimva ndikuitukwana tsiku ndi tsiku.

Koma mwana akunena zoona. Dzanjalo ndine ndimalisambitsa. Zala zayamba kupindikira mkati, m'mawa ndimachita kuziwongola chimodzichimodzi.

Ndamupempha atipatse milungu iwiri kapena itatu. Akuti ayesa kuwapempha asunge malowo. Wabwerera ndi minibasi ya 3 koloko, moni wotsanzika wa pakamwa pokha.

Lachisanu, 18 Okutobala

Dzuwa la lero ngakhale mbuzi zakana kutuluka. Choyezera kutentha m'thanki chinafika pa 30. Kabuku kakuti chisapitirire 28.

Chitenje chonyowa kukulunga galasi mbali zitatu. Mwanjuma wandipatsa mabotolo awiri a madzi oundana a m'furiji yake yogulitsira mafirizesi. Otseka bwino, kuyandamitsa pamwamba limodzi likasungunuka linalo. Akuti ndizibweza madzulo aziwaumitsanso, inshallah mpaka mvula igwe. Chatsika kufika 28.

Nkhono zikugwira ntchito. Zalambula timisewu tokhotakhota pa ndere, tsopano mkati mukuoneka. Kankhanu kamodzi kasamuka, kalowa m'chigoba chachikulupo chimene chinali pamchenga. Kanayamba kakayeza ndi timanja, kulowa, kutuluka, kulowanso. Tinaonerera tonse.

Akamarawo sakuoneka. Ndevu zokha kuphanga.

Kumunda wathu wa kusikimu ya mthirira ku Bwanje sindinapiteko masiku asanu. Chimanga chayamba kuuma, chikufuna munthu.

Eneles sanaimbe.

Lachiwiri, 22 Okutobala

Kamarawo mmodzi ndamupeza m'mawa, iwo asanadzuke. Kuseri kwa mwala, wagona chammbali, wayera mbuu. Timiyendo, ndevu, zonse zilipo. Osagwedezeka.

Ndinayeza mchere: pa kamzere kobiriwira. Kutentha 27. Ndalakwitsa pati? Mabotolo aja? Sopo m'manja?

Ndinamuvuula msanga n'kumuika m'kabokosi ka machesi. Kabokosiko m'thumba la diresi. Atakhala pampando anakweza zala ziwiri, kufunsa. Ndinati onse alipo, abisala.

Zaka makumi atatu ndi chimodzi za ukwati, mabodza anga ndi awiri okha: la nyemba ndi ili.

Tsiku lonse kabokosi kakundigunda pantchafu. Kumunda ndapita, ndakolola mizere inayi, ndabwerako. Akadziwa sadzadyanso. Ndipo ku Lilongwe ndiye sadzapita n'komwe, adzati thanki ndisiyire ndani, uyu wapha awiri.

Lachitatu, 23 Okutobala

Sindinathe. Nditawapatsa mankhwala a m'mawa ndinagwada, ndinatsegula kabokosi pabondo lawo. Ndinati pepani, wafa dzulo, ndinakunamizani.

Anayang'anitsitsa. Anamutola ndi zala ziwiri, anamukweza kuwindo. Kuwala kukudutsa mkati ngati pepala la siwiti. Pamsana pong'ambika. Ndiye kuseka. Kuseka kwenikweni, kwa mbali imodzi ya pakamwa, mpaka kutsokomola, mpaka ndinawamenya pamsana. Atapuma anati: "Wavula."

Chikopa chabe. Amafundula ngati njoka akamakula. Mwini wake amabisala masiku awiri mpaka chatsopano chilimbe. Zalembedwa m'kabuku tsamba lachisanu ndi chiwiri, ine ndinalekera pa lachinayi.

Tinaponya kachakudya. Ndevu zinatuluka kuphanga, kenako mutu. Wina pambuyo pake. Awiri. Wovulayo wafiira kuposa mnzake, ngati wavala za pa Khirisimasi.

Kabukuko kakuti akavula bwino ndiye kuti madzi awayanja.

Ndaululanso za nyemba. Anasekanso.

Lamulungu, 27 Okutobala

A Ezekiele adutsa, akubwerera ku Nakala. Akhala ola lathunthu. Anagwada pa thanki, kuwerenga katundu wawo. Za woyamba uja ndawauza ndekha.

Powaperekeza, pa mtengo wa mango wa panjira, ndinawafunsa funso limene ndalisunga zaka zisanu ndi zinayi. Sindinazungulire. Ndinati munthu sangakonde madzi a dziko la eni chonchi popanda wina kumeneko.

Sanaseke. Akuti padoko munthu umadikira katundu sabata, nthawi zina ziwiri. Anzawo ankalowera kumabala. Sitefano, bambo a Eneles, ankadikira nyanja ibwerere m'mbuyo, n'kupinda thalauza mpaka m'mawondo, kachitini m'manja, kuyenda m'matanthwe akusuzumira m'timaenje ta madzi mpaka khosi litapsa ndi dzuwa. Ankamutcha mwana wa sukulu. Ana a asodzi a kumeneko ndiwo anamuphunzitsa maina.

"Alamu, mkazi wa ku Nakala mumakhala naye pabalaza."

Madalaivala amabisirana, ndikudziwa. Sindine mwana. Komabe pobwerera ndinathyola mango awiri aawisi, ndinadya ndi mchere panjira ngati mtsikana.

Lachinayi, 31 Okutobala

Eneles anaimba dzulo. Malo aja awasunga mpaka Lachiwiri likubwerali. Likadutsa apatsa wina. Ndinawauza, maso awo anabwerera ku thanki.

Lero masana anandiitana ndi ndodo. Analoza dzanja lodwalalo, analoza mgolo wa madzi a mvula. Ndilitsuke. Ndinatenga sopo, anakana. Madzi okha, mpaka m'chigongono. Kenako anaimirira, anatsamira tebulo, analoza m'thanki.

Ndinalinyamula ine. Kulemera ngati chikuni chonyowa. Ndinalilowetsa m'madzi mpaka pamwala, ndikuligwirira pachigongono. Tinsomba tinathawa. Tinadikira.

Wofiira uja ndiye anayamba. Kuyandikira, kugwedeza thupi uku ndi uku, ndevu kukhudza chala. Kenako anakwera. Mnzake naye. Kuyenda padzanja lonse, kutolatola m'mbali mwa zikhadabo ndi timanja tawo, pakati pa zala, pachipsera chakale cha jeke ya thiraki. Ndiyo ntchito yawo kunyanja, kuyeretsa nsomba.

Ndinayang'ana nkhope yawo. Maso otseka. Anati: "Ndamva."

Ndipo chala chamkombaphala chinagwedezeka. Kamodzi. Mwina ndi madzi, mwina ndine ndinanjenjemera, mkono wanga unali utatopa. Sindingalumbire. Koma iwonso anatsegula maso nthawi yomweyo, kuyang'ana pomwepo.

Ndinawapukuta, ndinawakhazika pansi. Dzanjalo analinyamula ndi linzake pamiyendo. Ndikutsuka mbale ndinamva akuitana. "Eneles. Foni."

Loweruka, 2 Novembala

Mayeso. Sananene, koma ndinadziwa.

Anakhala pampando ndodo pamiyendo, osaloza kanthu. Ndinayeza mchere. Kutentha. Kuwonjezera a mvula mpaka pa kamzere ka penti ka pagalasi. Kutsuka kasiponji ka pampu m'madzi a m'thanki omwewo, osati a pamjigo. Chakudya chochepa, chongokwana pansonga ya chikhadabo. Ndili kuseri anazimitsa pampu mwadala. Ndinamva kuti m'nyumba mwati zii, ndinabwera, ndinatsata waya mpaka ku batire ya sola, ndinalumikiza.

Anandipatsa kabuku ndi bolopeni. Mzere wawo womaliza ndi wa pa 5 Julayi. Ndalemba pansi pake tsiku la lero, mchere, kutentha. Zolemba zanga zonenepa pansi pa zawo.

Eneles amafuna tipite tonse. Nyumba yake ndi ya chipinda chimodzi, chimanga chili pabwalo chosatonola, nazale ya mpunga ikudikira. Ndi thankiyi. Iwo anamaliza nkhani ndi liwu limodzi: "Tsalani."

Pamjigo ayamba kale. Akuti mwamuna akudwala, mkazi watsalira nsomba. Mwanjuma wawayankha m'malo mwanga, sanandiuze kuti wati chiyani.

Lolemba, 4 Novembala

Apita. Galimoto ya mnzake wa Eneles, 9 koloko.

Malaya anayi, majuzi awiri poti ku Lilongwe m'mawa kumazizira, mankhwala m'kachikwama, kabuku ka kuchipatala. Ndevu ndinawameta dzulo. Anaima pa thanki pang'ono, osati nthawi yaitali monga ndinkaganizira. Pokwera ndinawakwezera mwendo. Eneles anandikumbatira, woyamba iyeyo.

Ndinabwerera m'nyumba kuti nditonole chimanga. Ndinakhala pamphasa. Ndadzuka 3 koloko masana, chitsononkho chili m'manja. Miyezi inayi sindinagonepo chonchi. Palibe wondiitana, palibe ndodo kugunda. Ndinamva kupepuka, kenako manyazi chifukwa cha kupepukako.

Ndaphika chakudya cha anthu awiri osazindikira.

Mchere pa kamzere. Kutentha 27.

Lachisanu, 8 Novembala

Mitambo kumapiri a Dedza, mvula osagwa.

Eneles anatumiza uthenga m'mawa. Mafizo apita kawiri, amabwerako otopa, okwiya, koma amapita. Akuti aimba pa vidiyo 4 koloko, abambo akufuna kuona.

Ndinakonzekera kuyambira masana. Galasi kupukuta kunja ndi mkati. Nyali kuyatsa. Chakudya ndinachedwetsa dala kuti akamarawo atuluke nthawi yake. Kabuku pafupi, masiku onse olembedwa.

Foni italira ndinailozetsa ku thanki, ndikuiyendetsa pang'onopang'ono. Nkhono zisanu, ndinawerenga mokweza. Tinkhanu ito. Tinsomba. Akamarawo onse awiri pamwala, ngati anauzidwa. Ndinamva akuyankhula chapansipansi, Eneles n'kuti akuti ayi. Ndinaganiza akufuna kamuvi, ndinatunga madzi, ndinaonetsa. Ayinso. Choyezera kutentha? Kabuku?

Kenako mawu awo enieni, pang'onopang'ono, lililonse palokha.

"Ayi. Inuyo."

Podina kuti kamera itembenuke sindinapapeze. Eneles akundiuza, ine zala zonyowa, osaona. Ndinangotembenuza foni yonse. Iwo akundiona, ine osawaona. Mpango kumutu ndinalibe, tsitsi losaluka, gaga wa chimanga m'khosi. Kumbali inayo kupuma kwawo kokha.

Ndinaima choncho mpaka mkono unatopa. Kenako ndinasintha dzanja.